A Chidendene anaupala mwendo

Bambo anga ndi wosoka nsapato. Kwa zaka makumi atatu akhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi wokonza mawotchi. Mumsewu monse amadziwika kuti a Chidendene, chifukwa ukamadutsa sakuyang'ana nkhope, amayang'ana mmene nsapato yako yadyekera kumbuyo.

Kamsomali kanawabaya kuphazi lamanzere, iwo osamva, poti shuga anali atawapha kale mapazi. Mmene amayi ankamva fungo, chala chinali chitada bii. Kuchipatala anachotsa chalacho, kenako china, kenako dokotala analoza pansi pa bondo ndi cholembera.

"Tidula apa. Bondo tikusiyirani, mudzayendanso."

"Simungangoikapo chigamba?" bambo anafunsa. Dokotala sanaseke.

Anatipatsa pepala la zochita tsiku lisanafike. Fodya asiye. Aphunzire ndodo miyendo idakali iwiri. Azinyamula mabotolo a mchenga kuti manja alimbe. Ine ndi achimwene tinakokera bedi pafupi ndi chitseko n'kuika mpando wapulasitiki m'bafa. Bambo ankangotiyang'ana.

"Mukukonza m'nyumba ngati kukubwera mlendo. Mlendoyo ndine?"

Tsiku la opareshoni anawaveka chimkanjo chotsekula kumbuyo, osadya kanthu kuyambira dzulo lake. Masana nesi anabwera kudzati shuga wakwera, abwerere kunyumba. Patapita masabata awiri, akuti bipi yakwera. Kachitatu panafika anthu ovulala pangozi ya basi, bambo n'kuwabwezanso.

"Mwendo uwu ndautsanzika katatu," anatero tili m'basi. "Ngakhale mlendo akatsanzika katatu osanyamuka amatopetsa."

Kachinayi anaudula.

Tinkaganiza kuti bala likapola ndiye kuti mwendo watsopano wafika. Ayi ndithu. Miyezi inayi amayi ankamanga bandeji pachitsa, monga bambo ankachitchulira, kuti chiphwe. Kenako anatitumiza kuchipinda china kuseri kwa chipatala, kumene amapangira miyendo. Titangolowa bambo anakoka mpweya. Munkanunkha guluu, ngati pakhonde pawo. Wopanga miyendoyo anali mayi wamfupi, manja ali mbuu ndi pulasitala. Anawayeza, anaumba chikombole cha chitsacho, ndipo patatha masabata atatu mwendo unatuluka.

"Muzivala ola limodzi, kenako muvule," anatero. "Muziyang'ana pansi pa chitsacho ndi kagalasi. Pakafiira osasintha, musavalenso. Mubwere Lachitatu."

Panafiiradi, pafupa lakutsogolo. Lachitatu tinapita, akuti mayiwo ali kumaphunziro. Lachitatu linalo makina opalira anali atawonongeka. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa n'kubwerera ndi mwendo m'chikwama, phazi lake litasuzumira kunja.

Mawa lake ndinawapeza pakhomo, mwendo uli pamiyendo, mpeni wodulira zikopa uli m'manja.

"Ababa, mukutani?"

"Nsapato ikamaluma timatani? Timadikira Lachitatu?"

"Imeneyo si nsapato."

"Iwe, ndinayamba kukonza zoluma anthu usanabadwe. Tandipatsira sandipepa uyo."

Ndinawapatsira. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake. Anapala mkati, anamata kachikopa kofewa, anavala. Masiku awiri anayenda mpaka kumsewu opanda ndodo, akuuza wokonza mawotchi kuti sukulu ina ndi yongotaya nthawi. Tsiku lachitatu amayi povula sokosi anapeza magazi. Chitsa chinali chitamira mkati mwa mwendowo, nsonga yake n'kumagunda pansi, iwo osamva.

Titabwerera kuchipatala, wopanga miyendo uja anautembenuza mwendowo, analowetsa dzanja mkati.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine. Unkaluma."

"Bambo, apa mwapalapa ndi pamene pamasenza thupi lanu lonse. Ndinasiya dala chotupa chimenechi. Panafunika kungochotsa pang'ono m'mbalimu, ntchito ya mphindi khumi."

"Mphindi khumi zimenezo ndinazibwerera kawiri. Munali kuti?"

Mayiwo anayang'ana anthu a pabenchi, amene onse anali atatchera khutu.

"Pamenepo mwanena zoona," anatero motsitsa mawu. "Koma mwendo uwu wafa. Bala lipole kaye, tidzayambirenso kuyeza."

"Lipole masiku angati?"

"Ndi shuga wanuyu? Masabata asanu ndi limodzi, mwina kuposa."

Bambo anatola ndodo zawo n'kutuluka, ine ndikuthamangira pambuyo ndi kabuku ka kuchipatala. Njira yonse sanandilankhule, kupatula pokwera basi pamene ndinafuna kuwagwira mkono. "Ndisiye."

Bala linatenga miyezi itatu. Mwendo wachiwiri anaulandira nyengo yotentha itayamba, ndipo nawonso uli ndi zake. M'mawa umakhwepa, amavala masokosi atatu. Masana chitsa chikatupa amavula imodzi. Mpeni saugwiritsanso pamenepo, koma kudandaula sanasiye.

Anabwerera pakhonde paja. Dzuwa likafika pamutu amauvula n'kuutsamiritsa kukhoma kuti chitsa chipume. Dzana nditawapititsira chakudya ndinawapeza atakwinya nkhope, akukanda phazi lapulasitikilo ndi singano yosokera.

"Likuyabwa," anatero. "Chala chachikulu, chomwe chija anayamba kuchotsa. Ndikakande kuti?"

Ndinangowatsegulira mbale.