Chibayo cha mwana ndi mbaula ya abambo

Mwana wanga wamkazi anayamba kutsokomola mu Juni, ali ndi zaka ziwiri. Tinkakhala ku Zandspruit m'kanyumba ka malata, ineyo, mwanayo ndi bambo anga, amene anakalambira kumigodi. Kuzizira kwa ku Joni kumalowera pansi pa chitseko, ndiye abambo ankasonkha makala pambaula m'nyumba momwemo, n'kutseka zenera ndi katoni.

Tsiku lachinayi la chifuwacho kunabwera mayi wa zaumoyo, mmodzi wa aja amayenda khomo ndi khomo kuchokera kukiliniki. Anali Mzulu wosaseka. Anakweza malaya a mwana n'kumayang'ana wotchi, milomo ikugwedezeka. Ine ndinkayesa akupemphera. Ankawerenga kapumidwe.

"Taonani apa, sisi," anatero m'Chizulu, akuloza pansi pa nthiti pomwe pankalowa m'kati mwana akamakoka mpweya. "Si chimfine chimenechi. Pitani naye lero, osati mawa."

Kenako anafunsa ngati pali wina wotsokomola m'nyumbamo.

"Palibe," anatero abambo, n'kutsokomola nthawi yaitali.

Atatha, anayamba kulongosola m'Chifanakalo, chinenero cha kumgodi, chimene iwo ankachiyesa Chizulu. Mayiyo anamvetsera mpaka pamapeto, n'kutembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani amadalawa?"

Kukiliniki tinapita tonse atatu. Anamwino anati ndi chibayo. Anatipatsa mankhwala amadzi, n'kundiuza kuti mwana amwe masiku onse amene alembawo ngakhale ayambe kusewera. Atatsegula kabuku ka sikelo anapeza kuti katemera mmodzi tinamudumpha. Ndinayamba kufotokoza za mashifiti anga a kufakitale ku Kya Sand. Anamwino anandisiya ndilankhule, uku akulemba tsiku loti ndibwerenso.

Abambo anapatsidwa kabotolo koti alavuliremo makhololo. Anakatembenuza, n'kunena kuti atsokomola zaka zonsezi popanda munthu wofuna kusunga zotulukazo. Zotsatira zitabwera, sinali TB. Adokotala atawajambula anati ndi fumbi la mumgodi, lomwe silichoka. Abambo anabwerera kunyumba monyadira ngati akhoza mayeso.

Mayi wa zaumoyo atabweranso analamula kuti mbaula ituluke chifukwa cha utsi. Inatuluka, ndipo abambo anatuluka nayo. Nyengo yonse yozizira ankakhala pakhomo atavala jasi, n'kumauza odutsa kuti boma lawachotsa m'nyumba. Ife m'katimo tinkavala majuzi awiriawiri.

Mwana anachira patangotha sabata. Koma anali ataphunzira katsokomoledwe ka agogo ake: kugwira m'mawondo, kuwerama, kubangula, n'kulavula pambali. Mayi woyandikana nafe atamva anathamanga kukaitana wa zaumoyo uja. Iye anabwera, n'kuwerenganso kapumidwe, n'kuonerera seweroli kawiri.

"Ichi chilibe mankhwala," anatero, n'kupita khomo lina.