Mng'alu wa Kuseri kwa Maluwa

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi anamata maluwa pakhoma la nyumba yathu m'komboni ya Kamitondo. Ufulu unali udakali wanthete, mkuwa ukuyenda malonda, ndipo abambo, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi, anali atangowonjezera chipinda chochezera ndi manja awo. Njerwa zake zinali zosawotcha, zoumba okha akaweruka, ndipo chipindacho ankachinyadira kwabasi. Koma mvula yoyamba itagwa, khoma lakumbuyo linang'aluka kuchokera pamwamba kufika pakati. Abambo anati adzakonza mvula ikatha.

Mvula isanathe, kunabwera uthenga wakuti abale a mnyamata amene ankafunsira achemwali anga a Rozina abwera kudzakamba za ukwati. Anali Abemba a ku Ndola, anthu ophunzira, mnyamatayo kalaliki wovala tayi. Amayi anayang'anitsitsa mng'alu uja. M'mawa mwake anapita kutauni, n'kubwerako ndi mipukutu ya pepala limene ndinali ndisanalionepo.

Anzathu ankamata nyuzipepala ndi phala, mphemvu n'kumadya. Ili silinkafuna phala. Unkangosenda kapepala koyera kakumbuyo, lokha n'kukakamira kukhoma. Linali losalala, lamaluwa achikasu, losalowa madzi, moti mwaye unkachoka ndi kansalu konyowa basi. Ine ndinkagwira m'munsi, amayi akusalaza ndi chikhatho, pakatupa mpweya n'kubaya ndi singano. Atafika pamng'alu paja anamata kawiri.

"Pakamwa potseka, Esinati," anandichenjeza. "Za m'nyumba sizituluka."

Alendo anafika Lamlungu masana titachokera ku Misa, mvula ikuvumbabe monga inachitira sabata yonseyo. Amalume ake a mnyamata, bambo wamkulu wamagalasi, anakhala ndi anzawo pabenchi moyedzamira khoma lomwelo. Mlongo wake wa mnyamatayo anayala chitenje m'tsinde mwa khoma n'kugonekapo khanda lake.

Ntchito yanga inali yosambitsa alendo m'manja. Ndili chigwadire ndi beseni, ndinamva kaphokoso ngati mpunga ukuthiridwa pang'onopang'ono m'mbale. Ndinakweza maso. Maluwa a pamng'alu anali atakokeka, pepala litakungika ngati chikopa cha ng'oma. Linali lolimba, silinang'ambike, koma kuseri kwake dothi linali kuyoyoka.

Ndinathamangira kukhitchini n'kuwanong'oneza amayi. Ananditsina pamkono mpaka misozi inalengeza.

"Ukufuna kupasula ukwati wa mkulu wako? Khala apo!"

Anatero, n'kulowa ndi tiyi pathireyi. Ndinawatsatira n'kuima pakhomo. Ankhoswe athu anali pakati pa mawu, aliyense ali tcheru. Mayi wina mwa alendowo analoza maluwa aja n'kuyamikira m'Chibemba kuti, "Ing'anda yawama, mayo," kutanthauza kuti nyumba yakongola. Amayi anamwetulira, n'kugwada kuti aike thireyi. Pomwepo maso awo anagwera pakhanda lija. Pachitenje panali dothi lofiira, lina lili patsaya la mwanayo.

Anakhala chigwadire kanthawi. Kenaka anaimirira amuna akulankhula, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, n'kunyamula khandalo kulipereka kwa amake. Analowetsa chikhadabo pakona ya pepala n'kukoka ndi mphamvu. Linasendeka likulira, likuzula ndi pulasitala yemwe. Mng'alu uja unali utakula moti dzanja likanalowa, madzi akutsetsereka, kunja kukuoneka.

"Amake Rozina, mwapenga kodi?" abambo anakalipa atadzuka pampando.

"Fumeni bonse, napapata!" amayi anawapempha alendo m'chilankhulo chawo kuti atuluke. Kenaka anatembenukira kwa ife. "Tulukani nonse, msanga!"

Tinakhamukira m'mvula mpaka pakhonde la aneba. Ndiye tinadikira. Khoma linangoti chilili. Achemwali ankalira mwakachetechete atabisa nkhope m'chitenje. Amalume aja ankapukuta magalasi, n'kuyang'ana nsapato zawo zamatope, n'kuyang'ananso wotchi. Abambo anafulatira. Anthu anayamba kusuzumira m'mawindo a nyumba zoyandikana. Amayi anaima okha kumapeto kwa khonde, chidutswa cha pepala chitawakakamirabe kudzanja, palibe wowalankhula.

Amalumewo anali atayamba kale kutsanzika mozizira pamene tinamva kuti khu! Fumbi linatulukira pakhomo ngakhale kunali mvula. Abambo anakasuzumira, ndipo anabwerako ali wefuwefu. Mbali yapamwamba ya khoma inali itagwera pabenchi n'kulithyola pakati, njerwa zina zitakwirira chitenje cha khanda.

Mayi wa mwana uja anakhala pansi pomwepo. Kenaka anakwawira kwa amayi n'kuwagwira mapazi akulira. Alendo anabwerera ku Ndola osadya, koma amalume aja potsanzika anavula chipewa n'kuwaombera m'manja amayi, monga amachitira kwa munthu wamkulu.

Kunyumba sizinathere pomwepo. Abambo anatha masiku osawalankhula amayi. Sindidziwa ngati chinkawapweteka chinali kunyazitsidwa pamaso pa anthu kapena kudziwa kuti khomalo analimanga ndi iwo. Mvula itatha anagwetsa chipinda chonsecho n'kumanganso ndi njerwa zowotcha, ndipo ukwati wa achemwali unachitika chaka chomwecho.

Tsopano ndakalamba, ndili ndi adzukulu. Ndikaganiza za tsikulo, mtima wanga umabwerera pakhonde paja khoma lisanagwe. Amayi sankadziwa ngati ligwa. Likanapanda kugwa, Kamitondo yense akanawadziwa monga mayi amene anathamangitsira alendo m'mvula n'kuvula mwamuna wake pagulu, mwinanso n'kumulanda mwana wake banja. Zonsezo anaziona ali chigwadire ndi thireyi, koma anaimirirabe. Ndili mwana ndinkayesa munthu wolimba mtima ndi amene saopa. Ndinadzamvetsa nditakula kuti amayi anali ndi mantha kuposa tonse m'chipindamo, ndipo chimene anabisa ndi manja awo anachivundukula ndi manja awo omwewo, moyo wa mwana wa eni usanawalipirire manyazi.