Mpweya wa Pansi pa Chitsime

Chitsime chathu ku Epworth chinauma mu Okutobala, ine ndili mu Fomu 3. Kumene tinkakhalako kunalibe mipopi, khomo lililonse linali ndi chitsime chake. Chathucho anakumba ndi bambo titangofika kuchokera ku famu, ntchito itawathera. Chaka chimenecho dzuwa linaotcha mpaka ndiwo za mayi kuseri kwa nyumba zinapserera, ndipo chidebe chinayamba kukwera ndi mchenga wokhawokha.

Tinayamba kukatunga ku chibhorani, mjigo wa kumashopu, kumene mzere wa zigubu unkafika mpaka kumsewu. Ine ndi mayi tinkalawira, n'kubwerako dzuwa litakwera, makosi akuwawa. Kenako mayi ankakwera kombi, minibasi ya kuno, kukaoda tomato kumsika wa Mbare, ine n'kuthamangira kusukulu nditachedwa kale.

Bambo sankafuna kutiona titasenza. Loweruka lina anatulutsa piki, fosholo ndi chingwe.

"Madzi alipo, angothawira pansi," anatero. "Ndiwalondola."

"Msinkhu wanuwu si wolowera m'dzenje," mayi anawayankha. "Dikirani mvula."

"Mvula yake iti?"

Mayi ataona kuti sawaletsa, anawamangirira okha chingwe m'chiuno. Bambo a khomo loyandikana ndi lathu, Mshona womanga nyumba, anabwera kudzakoka chidebe cha dothi, ine ndikukataya. Tinkamva piki ikugunda pansipo, thi, thi. Chakumasana kugundako kunayamba kutalikirana. Kenako kunangoti zii.

"Bambo!" ndinaitana. Ndinasuzumira, koma ndinangoona mdima ndi kuyera kwa malaya awo.

"Mhanyai! Mhanyai!" anakuwa aneba aja m'Chishona, kuitana anthu kuti athamange, ndipo amuna a mumzere wa nyumba zathu anathamangadi. Wina anafuna kutsikira momwemo, koma anzake anamugwira. Anati pansipo mpweya ndi wakufa, akalowa tidzatulutsa anthu awiri. Onse anagwira chingwe cha m'chiuno chija n'kuyamba kukoka. Bambo anatuluka mutu uli lende, mapewa atasupuka ndi khoma la chitsime, milomo itachita mbuu. Anawagoneka pamthunzi, mayi akuwakupiza ndi chitenje. Patapita kanthawi anatsokomola, n'kusanza, n'kutsegula maso.

"Pansipo pali chinyezi," ananong'ona. "Ndatsala pang'ono."

Mayi anangokhala pansi pamulu wa dothi n'kuyamba kulira, kulira kwa munthu wokwiya. Madzulo aneba aja anayatsa kandulo m'chidebe n'kutsitsira m'chitsimemo kuti bambo aone okha. Inazima isanafike pansi.

Lolemba lake ndinatunga madzi monga mwa nthawi zonse, n'kulowa m'kalasi phunziro la sayansi litayamba. Aphunzitsi anali atajambula dzuwa pabolodi ndi timipira tolizungulira. Anati dziko lathuli linakhala pamalo abwino: likanayandikira dzuwa, madzi onse akanaphwa, likanatalikira, akanaundana. Anati lilinso ndi mpweya wolifunditsa ngati bulangete, ndipo akatswiri ofufuza zamoyo kumaiko ena akumwamba amayamba ndi kufunsa ngati kuli madzi.

Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Ndiye akabwera ku Epworth kuno, adzati kuli anthu?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ngakhale aphunzitsi amene, akudzipukuta thukuta. Ine ndinalibe mphamvu zosekera. Ndinkaganiza za bambo. Sanapite kumwezi, anangotsika pang'ono pakhomo pawo pomwe, mawu athu akuwamva, koma kumeneko kunali kale kosakhalika munthu. Ndinatsamira desiki, tulo n'kunditenga.

Bambo sanalowenso m'chitsime. Chifuwa chinawakhalira, ndipo ankangokhala pakhonde, kutiyang'ana tikamadutsa ndi zigubu. Mvula inagwa mochedwa, Khirisimasi ili pafupi. Chitsime chinadzaza madzi ofiira. Koma nyengo imeneyo matenda otsekula m'mimba anavuta m'dera lathu, ndipo zimbudzi zinali pafupi kwambiri ndi zitsime. Mayi analamula kuti madziwo akhale ochapira basi. Akumwa tinapitiriza kusenza.

Ndinasenza mpaka ndinakwatiwa n'kusamukira ku Kambuzuma, dera lina la mumzinda. Kuno mpopi ulipo, koma umakhala masiku osadontha. Ukangoyamba kutsokomola, ndimasiya chilichonse chimene ndagwira n'kuyamba kudzaza mabeseni, mapoto, ngakhale ketulo.