Anesi aakulu atichotsa kumapeto kwa mzere

Mwaswera bwanji abale.

Ndili kuchipatala ndi mwana wanga Tadala. Kuyambira m'mawa akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati. Mzere unali wautali, ine kumapeto.

Ndiye kunatulukira anesi aakulu, akuti angobwera kumene kuchokera kumaphunziro a kuyang'anira anesi anzawo. Anayenda mzere wonse, kuvundukula mwana aliyense. Pa Tadala anaima, maso pa wotchi, n'kuitana nesi wachitsikana: "Werenganso mpweyawu, undiuze waona chiyani." Mtsikanayo atawerenga anangomunyamula mwana kuthamanga naye.

Pano ali pa okosijeni, atigoneka. Koma apongozi aimba kuchokera ku Bangwe, akuti ndi tsempho, ndimutulutse akamwe mankhwala achikuda. Ine ndikuopa, sindichoka pano. Ndalakwa kodi? Achimwene, tawaimbirani ndinu, ine sangandimvere.