Maloto amene anaimitsa chinkhoswe

Ine ndinali katswiri womasulira maloto, koma a anthu ena. Pa yadi imene tinkachita lendi ku Kempton Park, Amalawi anzanga ankandipeza m'mawa ndikumanga zingwe za nsapato, n'kuyamba kundiuza zimene alota. Wina akati walota dzino laguluka, ndinkamuuza kuti aimbe foni kumudzi afunse za odwala. Wina akati walota akugwira nsomba, ndinkamuseka kuti ayambe kusaka matewera. Sindinaphunzire kwina kulikonse. Ndinkangobwereza zimene tonse tinakula tikuzimva kwathu ku Chiradzulu, kungoti ndinkazinena ndi nkhope ya munthu wodziwa zinthu, ndipo ku Joni kuno munthu wa nkhope yotero sasowa omumvera.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ndinamusiya akuphunzira kumene kulemba. Ndinatsanzika kuti ndibwerera mvula ikagwa, ndipo mvula inagwa kambirimbiri ine osaoneka. Anakulira m'manja mwa amayi ake ndi amalume ake, alamu angawo. Ine ankandidziwira pa foni. Akandifunsa kuti ndibwera liti, zifukwa sizinkandisowa: mapepala sali bwino, abwana akana, malire atsekedwa chifukwa cha mliri. Zina zinali zoona pang'ono.

Tsiku lina anandiimbira ndili ku Edenvale, kumene ndimasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya azungu ena okalamba. Anati wapeza mwamuna, ankhoswe anakumana kale, ndipo tsiku la chinkhoswe lagwirizanidwa.

"Ababa, sindikupempha katundu ayi," anatero. "Mungobwera basi, anthu akuoneni kuti muliko."

Ndinavomera mokweza mawu mpaka galu wa abwana anauwa. Koma nditabweza foni m'thumba, chimwemwe chonse chinandithera.

Pasanapite nthawi ndinalota ukwati. Kunali kumudzi, tenti itamangidwa pabwalo, azimayi akululutira, mwana wanga atavala zoyera. Kwathu ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kuti kulota ukwati ndi maliro. Ndinadikira nthawi yopuma masana, ndinakhala pansi kuseri kwa galaja, n'kuimbira mkazi wanga. Ndinatsitsa mawu monga ndinkachitira ndi anthu a pa yadi aja.

"Mayi, ndalota zoipa. Ndalota mwanayu ali pa ukwati."

Anafunsa, "Mwalota bwinobwino, bambo?"

Ndinati ndaona ndi maso anga, ndipo tikachita liuma, pachinkhoswepo padzagwa munthu. Nkhani yotere palibe amafuna kuitsutsa, chifukwa wina akadwaladi, onse amaloza amene anatsutsa uja. Alamu anga anapita kukauza akuchimuna kuti tsiku lasintha. Akuchimunawo anang'ung'udza, poti anali atagula kale zinthu ndi kuitana abale akutali, ndipo ena anayamba kunong'ona kuti mwina banja lathu likubisa kanthu. Mwana wanga sanandiimbire.

Mnzanga wa ku Mangochi, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ndipo ankanyamula katundu mu weyahausi, nyumba yosungiramo katundu, ku Jet Park, anamva zonse. Anandiyang'ana akupukusa mutu.

"Eish, madala, maloto anuwa ndi ochenjera. Amadziwa kusankha nthawi."

Ndinamukalipira kuti zimenezi si zoseweretsa, ndipo anangoti, "Sharp, sharp," monga amavomerera ku Joni kuno, n'kutuluka.

Malotowo sanasiye. Ankabwera omwewo, mpaka ndinayamba kudzuka ndi mutu wolemera. Nditapita ku kiliniki kukatenga mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, anesi anaona kuti magaziwo akuthamanga kwambiri ndipo anandifunsa ngati ndikugona bwino. Nditati ayi, ananditumiza kukachipinda kakumapeto, kwa mayi wa uphungu amene amamvetsera mavuto a maganizo. Ndinalowa monyinyirika. Anali Mzulu, mtsikana ndithu, msinkhu wosasiyana kwenikweni ndi mwana wanga. Tinkalankhula mosakaniza Chizungu ndi Chizulu.

Ndinayamba ndi kumuphunzitsa. Ndinamufotokozera kuti kwathu ukwati wa kutulo umatanthauza imfa, ndipo ine ndine munthu amene anthu amabwera kudzandifunsa zoterezi. Anamvetsera mwaulemu, osaseka.

"Kwathunso timamasulira maloto, baba," anatero. "Koma tanthauzolo lisiyeni kaye. Ndiuzeni zimene munaona. Inuyo munali pati?"

Funso limeneli palibe anali atandifunsapo, ngakhale ine mwini. Ndinati ndinali kunja kwa tenti, kuseri kwa anthu, nditavala ovolosi yanga yobiriwira ya kuntchito. Anandifunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani. Ndinati woyendetsa mwambo anaitana bambo a mtsikana, ndipo amene anaimirira ndi alamu anga, anthu n'kuwaombera m'manja. Palibe anandithamangitsa. Kungoti palibe anandizindikira. Mayi wina anandikodola n'kundituma kuti ndikatunge madzi osamba m'manja alendo, poganiza kuti ndine waganyu.

"Munapita kukatunga?"

"Ndinapita."

"Nanga muli m'malotomo, munkaopa kuti wina afa?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinati ayi, imfa sinandibwerere m'mutu n'komwe. Chimene ndinkamva ndi manyazi, ndipo ndinkapemphera kuti mwana wanga asacheuke.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, osati ngati akundilalikira. Anati monga iwo anaphunzirira, maloto sachokera kunja kudzatiuza za mawa. Amapangidwa m'mutu mwa wolotayo, ndi zinthu zimene akuzizemba masana. Chinthu chimodzi chingaoneke m'maloto a anthu awiri koma osanena zofanana, chifukwa aliyense ali ndi zake zimene zikumudya. N'chifukwa chake iwo safunsa kuti ukwati umatanthauza chiyani, amafunsa kuti wolotayo anaima pati ndipo anamva bwanji.

"Mwina ukwatiwo ndi ukwati basi, baba. Mwana wanu akukwatiwadi. Nkhani ili pa munthu wa ovolosiyo."

Ndinakwiya. Mumtima ndinati mwana wadzulodzuloyu akudziwa chiyani za kwathu. Ndinathokoza mouma n'kutuluka, ndipo mkwiyowo unandiperekeza mpaka pokwerera matakisi. Koma nditakhala pampando wakumbuyo, nditapanikizika pakati pa anthu osandidziwa, unandithera. Mtsikanayo sanandiuze chachilendo. M'mawa umene ndinalota koyamba uja sindinadzuke ndi mantha ayi, ndinadzuka ndi mpumulo, ngati mwana wasukulu amene wamva kuti aphunzitsi adwala. Ndipo poimbira mkazi wanga ndinanena za tenti ndi zovala zoyera zokha. Za ovolosi ndi madzi osamba m'manja ndinazisiya dala.

Ndinkaopa kutsika basi ndi imvi ndi chikwama chimodzi, anthu n'kumanong'onezana kuti tchona uja ndi ameneyu. Ndinkaopa kukhala pampando wa bambo pamene mudzi wonse ukudziwa amene anamulera mwanayo. Ndiye ndinatenga chikhulupiriro cha kwathu, chimene anthu amachilemekeza, n'kubisalamo. Amene anavutika ndi mwana amene sanandipemphe kanthu kena koma nkhope yanga.

Pa yadi ndinasiya kumasulira maloto. Mnyamata wina atabwera ndi nkhani ya njoka, ndinamuuza kuti ndachedwa kuntchito.

Zinanditengerabe masabata kuti ndilimbe mtima. Nditapempha tchuthi kwa adona a ku Edenvale, anavomera ndisanamalize n'kulankhula komwe, ndipo anadabwa kuti zaka zonsezi sindinawauzepo kuti ndili ndi mwana wamkulu chonchi. Izinso zinandichititsa manyazi. Ndinakafunsa za mabasi, ndinagula jekete la kaunjika koma labwino, kenako Lamlungu lina masana ndinatuluka kunja kwa geti, kutali ndi makutu a anthu, n'kumuimbira mwana wanga. Mawu ndinali nditawakonza bwino. Ndinati maloto aja ndinawamasulira molakwa, palibe choopsa, auze amalume ake asankhe tsiku lililonse, ine ndikubwera.

Anandilola kuti ndimalize zonse.

"Chinkhoswe chinachitika Loweruka lapitali, ababa," anatero. "Amalume anati tisakuuzeni, mungalotenso."

Ndinafunsa ngati mwambo unayenda bwino, chifukwa ndinasowa china chofunsa.

"Unayenda bwino. Palibe amene anafa."

Sanalankhule mokwiya, ndipo ndikanakonda akanakwiya. Ndinamupempha kuti anditumizireko zithunzi. Anati aona akapeza mpata.