Mpando wa Ba Mumba unali wobwereka

Ntchito yanga yoyamba inandipeza pamsika wa Rufunsa, boma lathu likadali latsopano, maofesi akununkha penti. Ndinkajambula anthu zithunzi za pachitupa ndi kamera ya amalume. Tsiku lina kunabwera Ba Chanda, mayi wogwira ntchito ku miyuziyamu ina ya ku Lusaka. Ankakonza chionetsero cha zosema ndi zoumba za kwathu kuno, ndipo ankafuna wojambula wodziwa Chisoli, chilankhulo cha kwathu. Ine ndi njala ya ntchito ija, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Mayiwa sankaseka ndi ntchito. "Nsalu yoyera kumbuyo, kamera pamiyendo yake, fulashi iyayi," ankatero. Kuwala tinkatenga kwa pawindo, mbali yamthunzi n'kuimikako katoni yomata pepala loyera. Chinthu chilichonse ndinkachijambula kawiri, koyamba ndi rula pambali kuti kukula kwake kudziwike, kenako chopanda rula, cha atolankhani. Pansi pa zithunzi zonse tinkaika mawu ofanana: dzina la chinthu, mudzi wake, kenako "katundu wa miyuziyamu".

Chokongola kuposa zonse chinali mpando wa mtengo wa mukwa wa Ba Mumba, wosema wa ku Shikabeta. Anatibwereka okha, akuseka: "Mukabweze ka, matako anga sadziwa mpando wina." Chithunzi chake ndicho tinatsogoza potumiza kwa atolankhani. Sitinamve kuti mwini wake anadwala n'kumwalira chionetsero chisanatsegulidwe.

M'mawa wa tsiku lotsegulira, pakhomo pa holo ya chionetsero ku Rufunsa komweko panagwada mayi wovala duku lakuda, fumbi mpaka m'mawondo. Anali Amake Tisa, mkazi wa malemu.

"Mwana wanga, mwanipha," anandiuza.

Kwathu katundu wa malemu sachoka pakhomo mpaka achibale atasonkhana n'kugawa. Tsono mphwake wa Ba Mumba wa ku Lusaka anaona chithunzi chija pafoni, ndi mawu athu aja pansi pake. Achibale anati mayiyu anagulitsa mpando mwamuna wake ali gone. Msonkhano unali mawa lake, ndipo anali atamuuza kale kuti amange mitolo, asiye nyumba ndi munda. Mayo ine!

Ba Chanda anayang'ana mpandowo, womwe unali pakatikati pa holo, alendo a ku Lusaka ali kale panjira. Ndinkayembekeza kuti akana. Anangopuma mwamphamvu.

"Uchotse. Alendo azaona mitondo."

Ndinakwera pachulu kuseri kwa holo, pomwe netiweki inkagwira, n'kuyamba kuimbira atolankhani mmodzimmodzi kuti asinthe mawu aja akhale "wobwereka kwa banja la Mumba". Wina anandikalipira kuti tsamba latsekedwa kale. Nanenso ndinapsa mtima, ndinamufunsa ngati adzamusunga ndi iyeyo mayiyu ndi ana ake. Anadula foni, koma anasintha.

Mpando tinaukulunga m'bulangeti, ine ndi Amake Tisa tinakwera nawo minibasi, kotsalako pa njinga yamoto. Tinafika mawa lake, n'kupeza achibale atakhala kale pabwalo. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, n'kunena m'Chisoli kuti malemu anatibwereka ndi manja awo, palibe anagulitsa, mawu olakwika aja anali athu.

Mkulu wake wa malemu anauvundukula mpandowo, anausisita nthawi yaitali. Kenako anaitana Tisa, mwana woyamba, n'kumukhazikapo. Anatembenukira kwa mayi uja.

"Mulamu, masulani mitolo. Tinakulakwirani."

Amake Tisa analira mokweza ngati maliro ayamba kumene, inenso ndinalira nawo, kamera ili pakhosi.

Mpaka lero ndimajambulira mamiyuziyamu. Anzanga amanditcha wovuta, chifukwa chithunzi sichichoka m'manja mwanga ndisanaimbire kumudzi n'kufunsa ngati mwini chinthucho adzuka bwino.