Kangaude wa M'khoma la a Efraimu

Ku Entre Lagos kuno kunamveka mphekesera yoti a Efraimu, aja amakonza njinga kuseri kwa sitasau ya komboyo, kapena kuti siteshoni ya sitima, amaweta kangaude. Osati kangaude wamba ayi. Akuti wakuda bii, wonenepa ngati nkhupakupa yokhuta, ndipo akhala m'mng'alu wa khoma la pakhonde pawo kuyambira chaka chimene anthu anabwerera kuchokera ku Malawi. Akuti amafa chaka ndi chaka, mtembo wake n'kuoneka uli lende pakamwa pa una, koma pakapita masiku awiri, uyo ali m'kati akusuzumira. Akutinso ali ndi antchito ake, akangaude otuwa a miyendo yaitali, amene amatumidwa kunyumba za anthu oyambana ndi a Efraimu.

Munthu wanzeru akanaseka. Koma mtembowo tinauona ndi maso athuwa, ndiye kuseka kwake kunali kwa mbali imodzi ya pakamwa.

A Efraimu anabadwira pamalo pomwepo, bambo awo akugwira ntchito ya njanji. Nkhondo itavuta mu 1986, anathawira ku Malawi ndi mayi awo, a Alzira, atangonyamula mphasa ndi mbuzi imodzi. Mbuziyo inathawa panjira n'kubwerera kunkhondo. Kumsasa wa othawa kwawo ndi kumene anaphunzira kumata machubu ndi kuwongola masipoko, ndipo ndi kumenenso anapeza a Tausi, Msilamu wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, pamene iwo ali Mkatolika. Mpaka lero awiriwa sanagwirizane ngati Mulungu amamva bwino Lachisanu kapena Lamulungu, komabe ana analera bwinobwino. A Alzira sanabwerere. Anagona konko.

Pobwera mu 1994, a Efraimu anapeza mudzi wonse uli tchire lokhalokha. Anazungulira masiku awiri osadziwa kuti kwawo ndi pati. Tsiku lachitatu anaona lata ladzimbiri litatsamira kanthu. Atalichotsa anapeza khoma limodzi la njerwa lili chiimire, dothi lomatira likadalipo pamene latalo linaphimba. Padothipo panali mizere ya zala zimene zinamata, ndipo chapakati panali chikhatho chathunthu, kachala kotsiriza kali kopindika. A Alzira anathyoka kachala kameneko ali mtsikana, ndi musi. A Efraimu anangokhala pansi mpaka dzuwa kupendeka.

Nyumba yatsopano anaimanga moti khoma lija likhale la pakhonde, pansi pa denga, pamene amakonzera njinga. Makoma ena onse anapaka simenti, koma ili ayi. Linang'ambika ming'alu, akangaude analowamo n'kuyala tiukonde tawo tonga thonje losapota bwino, koma mwini wake osalola ngakhale tsache kufikapo. Chifukwa chake sanauze munthu. A Efraimu ndi munthu woti akhoza kukufotokozerani mbiri ya pampu ya njinga kuyambira m'mawa mpaka masana, koma za mumtima amatseka ngati valavu.

Moto unabuka ndi Che Bashiru, ogulitsa nsomba zouma, amene amapalasa kuchokera ku nyanja ya Amaramba, kumene amakagula nsombazo, dengu lili kumbuyo. Tsiku lina anabweretsa njinga yawo itathyoka foloko kachitatu.

"Che Bashiru," anatero a Efraimu ataizungulira kawiri, "njinga iyi sikufuna makanika. Ikufuna shehe aiwerengere, tikaike."

Anthu anaseka. Che Bashiru sanaseke. Patapita masiku atatu anadzuka katumba ka mwendo katatupa, ndipo pakhoma pafupi ndi mphasa yawo panali kangaude wotuwa akuthamanga ngati wachedwa komboyo. Anamuvundikira ndi garafa, botolo lagalasi. Pofika madzulo bairu yonse, ndiye kuti dera lathu lonseli, inali itamva kuti wantchito wa a Efraimu wagwidwa ali pantchito.

Nkhani inafika kwa a Armindo, sekeretariyo wa bairu, munthu wabwino koma woopa phokoso. Anamvera uku, anamvera uko, mutu n'kuwazungulira. Pamapeto anagamula kuti pofika Loweruka khomalo likhale litapakidwa simenti, apo ayi anthu adzaligwetsa. Kwa a Armindo kumeneko kunali kupereka njira ziwiri. Kwa a Efraimu njira inali imodzi, chifukwa simenti ndi pikareta, chitsulo chogumulira khoma, zonse zikanafufuta chikhatho chija.

Tsono chodabwitsa n'chakuti amene anayamba kuikhulupirira kwambiri mphekeserayo anali a Efraimu omwe. Anakhala pachigoda n'kumayang'ana. Una wa kangaude wakudayo unali m'munsi mwenimweni mwa chikhatho. Nanga ming'alu yonseyi, iyeyu anasankhiranji pamenepa? Mtembo nawonso ankauona chaka ndi chaka. Ndipo n'zoona kuti Che Bashiru anawakwiyitsa. Kodi munthu angatume chinthu osadziwa kuti watuma? Lachinayi m'mawa a Tausi anawapeza atawerama, chipewa chili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" ankanong'oneza m'mng'alumo.

"Bambo a Sara! Mukupatsa moni khoma?"

"Ayi, ndimaona ngati muli chiswe."

"Chiswe chake mumachitchula kuti amayi? Tamverani. Apongozi anga anali munthu waukhondo, wosesa mpaka kuseri kwa mtsuko. Akanafuna kubwerera, sakanasankha dzenje lodzaza mapiko a ntchentche."

A Efraimu anavala chipewa chawo. Mawuwo anali omveka, koma mutu sunayere. Anafunsa mkazi wawo ngati akudziwa chimene amakanira kupaka khomalo.

"Zaka makumi atatu ndikukuonani mukusisita pamenepo m'mawa uliwonse, mumayesa ndimaona ngati mukupima mvula?"

Masana omwewo a Tausi anaimbira telefoni Ivone, mwana wa mlongo wa a Efraimu, amene ndi pulofesora wa Biyolojiya kusikola ya sekundariya ku Insaca.

Loweruka dzuwa lisanatenthe, pakhonde panali patadzaza. Amuna awiri anabwera ndi mapikareta. Che Bashiru anafika akutsimphina, garafa ili m'manja, mboni yawo ikuzungulira m'katimo. A Armindo anali ndi kaderno, buku lawo lolembamo, ndi cholembera chimene chinali kuwakanira kulemba. Ndiye kunatulukira mota, njinga yamoto, Ivone ali kumbuyo, fumbi mpaka m'nsidze.

"Amalume, akuti mwapha munthu ndi kangaude?"

"Mwanawe, ine sindikudziwa," anayankha a Efraimu. Yankholo silinawathandize mpang'ono pomwe, moti a Armindo anagwedeza cholembera kuti alilembe.

Ivone anatulutsa lupa, galasi lija lokulitsa zinthu. Anayamba ndi mtembo umene unali lende pakamwa pa una. Anautola ndi kamtengo, nauika pachikhatho cha a Armindo, amene anatseka maso.

"A sekeretariyo, uzirani."

Anauzira. Mtembo unauluka ngati gaga.

"Mtembo wanji wopanda mnofu?" anatero Ivone. "Ndi chikopa chabe. Wafundula ngati njoka. Akangaude ambiri akakula amasiya kufundula, koma wamkazi wa mtundu uwu amafundulabe mpaka ukalamba."

"Ndiye kuti samafa," anatero Che Bashiru. "Mwamva? Wavomera yekha."

"Amafa, Che Bashiru. Amakhala zaka zingapo, ena amati mpaka zisanu ndi zitatu. Akafa, wina amalowa m'una womwewo."

"Ndiye uyu ndi uti?" anafunsa a Efraimu.

"Mwina wachinayi, mwina wachisanu. Sindinawalembe m'kaundula, amalume."

Kenako anatenga garafa ija. Anati alipo kangaude wina wotuwa wofanana ndi ameneyu, amene akaluma mnofu umatha kuwola, koma iyeyo ali ndi maso asanu ndi limodzi, okhala awiriawiri. Wa m'ming'alu ali ndi asanu ndi atatu, ounjikana pamodzi pakachulu ka pamutu. Ndiye akuluakulu anayamba kulandirana lupa. A Armindo anawerenga anayi. Che Bashiru anapeza asanu ndi limodzi asanayang'ane n'komwe. Mmodzi wa a mapikareta anapeza khumi ndi awiri, koma uyo anali atadzera pa kachasu. A Efraimu anaona diso limodzi lalikulu likuwayang'ana, n'kudzidzimuka, osadziwa kuti ndi la a Tausi amene anasuzumira mbali ina ya garafa. Ivone anajambula ndi telefoni n'kukulitsa chithunzi. Anawerenga onse pamodzi ngati ana a kalasi yoyamba. Asanu ndi atatu.

"Chabwino," anatero a Armindo, thukuta lili kamukamu. "Si woopsa uja. Nanga ndi ndani?"

"Ndi mwamuna wa wakudayo."

Kenako aliyense anayamba kulankhula.

"Wakuda ndi wotuwa? Wonenepa ndi wowonda ngati sipoko?"

"Nanga ine ndi bambo a Sara tikufanana pati?" anatero a Tausi.

Ivone anafotokoza kuti onsewa ndi banja limodzi, limene m'mabuku amalitcha Filistatidae, oluka m'ming'alu. Wamkazi amakhala pakhomo moyo wake wonse. Ali ndi kachiwalo konga sefa kumene kumatulukira ulusi, ndipo amaupesa ndi mwendo mpaka ukhale ngati thonje. Ulusiwo ulibe ulimbo, koma ntchentche ikaponda imakodwa miyendo. Wamwamuna akangokula amasiya una wake n'kumayendayenda kufuna akazi, ndipo sakhalitsa, amafa.

"Tikuwadziwa," anatero a Tausi, maso ali kwa Che Bashiru. "Ena amayenda panjinga."

A Armindo anafunsa kuti banja limeneli lili pansi pa mtundu wanji, kuti alembe zolongosoka. Ivone anaseka. Anati ngakhale ophunzira kwambiri anazunguzika nalo. Poyamba analiika pamodzi ndi onse okhala ndi kasefa kaja. Kenako anati ayi, kasefa si chibale, nalisamutsira kwa ena poyang'ana ziwalo zoberekera. Atayamba kuyeza zam'kati mwa thupi, anakanganso za achibale ake enieni. A Efraimu anagwedeza mutu momvera chisoni. Iwonso ku Malawi ankalembedwa kuti Mmozambiki, atabwerera kuno n'kumatchedwa Mmalawi.

Koma Che Bashiru anali asanagonje.

"Zonsezi n'zasikola. Uyu ndi mwana wa mlongo wawo, mumati anena chiyani? Funso langa ndi limodzi. Ngati sanatumidwe, kunyumba kwanga ankafunako chiyani? Gwetsani khomali!"

A mapikareta anayang'ana a Armindo. A Armindo anayang'ana kaderno. A Efraimu anadzuka n'kukaima chogonera khoma, msana utaphimba chikhatho chija.

"Funso labwino," anatero Ivone. "Tiyeni tikamufunse amene ankamufunayo."

Anazula kaudzu kouma. Gulu lonse linamutsata mpaka kwa Che Bashiru, mabanja anayi kuchokera pamenepo. Kuseri kwa kachipinda kosungira nsomba, kumene ntchentche zimachitira msonkhano, khoma linali ming'alu yokhayokha, uliwonse ndi kathonje kake pakamwa. Ivone anapereka kaudzuko kwa mwini nyumba.

"Gwedezani pang'onopang'ono, ngati ntchentche yakodwa."

Che Bashiru anagwedeza monyinyirika. Miyendo iwiri yakuda inatuluka, kenako thupi lonse, lonenepa kuposa la kwa a Efraimu. Anaponya kaudzu n'kudumpha ndi mwendo wodwala womwewo. Pamng'alu wachiwiri panatuluka wina. Pachitatu wina. A Tausi ankawerenga mokweza mpaka anafika pa asanu ndi awiri.

"Che Bashiru, inu ndiye muli ndi khola! Amuna anga akuweta mmodzi, inu mitala yonseyi?"

Pobwerera anadzera kwa a Armindo, poti ndi panjira. M'khoma la khitchini yawo anapezamo atatu. Sekeretariyo anayang'ana kaderno yawo nthawi yaitali, kenako anafunsa a mapikareta ngati akufuna kuyambira kwa Che Bashiru kapena kwa iwo. Amunawo anati akumbukira kuti ali ndi ntchito kumunda.

A Efraimu sanapite nawo paulendowo. Anatsala chiimire pakhoma mpaka mkazi wawo anabwera kudzawauza kuti khoma latsala. Ivone anawapeza atakhala pachigoda, nkhope yosasangalala kwenikweni.

"Ndiye ukuti ndi kangaude chabe?"

"Chabe, amalume."

"Mmm." Kenako a Efraimu anagwira dzanja la Ivone, mdzukulu wa a Alzira, n'kuliika pachikhatho cha padothi. Linakwana, kupatula kachala kotsiriza. Ndi tsiku limenelo pamene anafotokoza za chikhathocho ndi pakamwa pawo, ndipo sizinatenge nthawi ngati mbiri ya pampu.

Mwendo wa Che Bashiru anakauona kuchipatala Lolemba, anati ndi chithupsa, anachifinya. Njinga yawo ikadali yothyoka foloko.

A Efraimu saweta kangaude. Wakuda ndi wamkazi, wotuwa ndi mwamuna wake, mtembo unali chikopa, ndipo palibe amene anatumidwa kwa munthu. Khoma silinapakidwe simenti.